Killion Ankamva ndi Mano

"Mwamuna wanga si sipanala yanu, Ada Longwe. M'kamwa umo mwatsala mano atatu, ndiye mukufuna akawasiye pansi pa lole yanu?"

Ameneyo anali Selina Nyamanda, ataima pakhomo pake ku Mpamba, manja ali m'chiuno, mawu akufika mpaka kumsewu. Zebron Longwe, mkulu wa mpingo komanso mwini lole yokhayo m'dera lonselo, anangoti zyoli, chipewa chili m'manja. Mwini manowo, Killion Mphande, anali poteropo akupala mpini wa khasu, osamva kanthu.

Killion anali gonthi. Makutu anawasiya ku Joni mu 1949, mumgodi momwe ankakonza makina, tsiku limene wonga unaphulika nthawi isanakwane. Wopepesa panalibe. Anangomupatsa tikiti, ndipo amene anamugwira dzanja njira yonse mpaka kumudzi anali Zebron yemweyu.

Musitima ya pamadzi, akubwera, kaliwo wa fodya amene ankaluma ndi mano anagunda chitsulo, ndipo injini yonse inalankhula m'mutu mwake. Atafika anasema ndodo ya muwanga. Mbali ina ankaluma, ina n'kugunditsa pachitsulo, basi n'kukuuzani chimene chikudwala. Anthu ankamuseka, ati galu wonyamula ndodo. Aseke, zitsiru. Omwewo ndi amene ankamubweretsera njinga zawo, ndipo madalaivala a malole odutsa ankamufunsa ndi dzina. Kutchalitchi ankagunditsa ndodoyo pabenchi n'kumva nyimbo. Kunyumba Selina ankaika nsonga yake pakhosi pake, Killion n'kumva mawu a mkazi wake, ngakhale ambiri mwa mawuwo anali okalipa.

Koma chitsulo sichichitira chisoni fupa. Mano anayamba kugwedera, n'kumachoka limodzilimodzi. Pofika 1955 anatsala atatu akumanzere, awiri m'mwamba, limodzi m'munsi, olumana bwinobwino. Dziko lonse linkalowera pamenepo.

Tsono vuto la Zebron linali ili. Lole yake anaiikitsa masipuling'i atsopano kumbuyo, zitsulo zosanjikizana zija zimene zimanyamula katundu, pagalaja ina ku Nkhata Bay. Chiikireni, ikanyamula mpunga n'kulowa m'mabampu, pansi pankamveka gu, gu, ngati wina akusinja. Ikaima, zii. Ndipo mpunga wa anthu unali mbwee ku Limphasa, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana.

"Ama, n'kamphindi chabe," anatero Zebron. "Angomvetsera."

"Kamphindi kanagonthetsa munthu ku Joni. Bwererani kwa amene anakuikirani zitsulozo."

Killion anadzutsa mutu, nawerenga milomo ya onse awiri. Anatenga ndodo yake pamutu pa chitseko. Selina anagwira nsonga n'kuikanikiza pakhosi.

"Mukapita, mudzamva ndi chiyani ndikamakutukwanani?"

"Anandibweretsa kumudzi uyu, aNyamanda," anayankha Killion ndi mawu ake okwera a munthu wosadzimva. Nkhani inathera pomwepo.

Lole ataidzaza matumba ku Limphasa, Killion analowa pansi. Anagwedeza mapini a kumapeto kwa masipuling'i, anali olimba, girizi ali tho. Anayang'ana chitsulo chimodzichimodzi kufuna mng'alu, panalibe. Kenako analoza manati anayi mbali iliyonse, amene amamanga masipuling'i ku ekiselo, chitsulo chija chogwira mateyala.

"Awa munawamanganso? Chitsulo chatsopano chimakhazikika chikayenda ulendo woyamba, penti ikaphwanyika manati amatsala olefuka. Kugalaja anakuuzani?"

Zebron anagwedeza mutu kuvomera, nasonyeza ndi dzanja ngati akukoka sipanala.

Apa ndi pamene Killion anaphonya. Sipanala inali m'thumba mwake. Koma kuika sipanala pa nati imene mkulu wa mpingo wanena kuti wamanga n'chimodzimodzi kumutcha wabodza pamaso pa alimi onse amene anaima pamenepo. Anaisiya m'thumba.

Panatsala njira imodzi, kumvetsera lole ikuyenda. Anasuntha matumba awiri, nagona chafufumimba pamatabwa, nalowetsa ndodo pampata mpaka inakhudza chitsulo, naluma. Zebron analiza injini.

Anayamba ndi pini yakutsogolo. Gu uja ankamveka chapatali, ngati mtondo wa mudzi wina. Anasunthira kupini yakumbuyo, chimodzimodzi. Dzino lam'munsi linayamba kuwawa, malovu akutsika ndi ndodo. Akanalekera pomwepo palibe akanamunena. Koma anasunthanso ndodo, naiika pakati penipeni, pamwamba pa ekiselo. Apo phokoso linali pafupi, louma, ndipo lisanagunde pankamveka kaye kukwecha, chitsulo chikutsetsereka pa chinzake.

Anali atadziwa kale kuti vuto ndi manati aja pamene lole inafika padzenje la pafupi ndi kamlatho. Teyala linalowa, ekiselo inalumpha, ndodo inabwerera m'mwamba ngati yomenyedwa ndi nyundo.

Killion anamenya denga la lole ndi chibakera mpaka Zebron anaima. Killion anatsika, malaya ali magazi okhaokha, nalavulira m'dzanja. Awiri anatuluka athunthu, lachitatu linathyokera m'nkhama. Anawaika m'thumba, natulutsa sipanala, nalowa pansi. Nati yoyamba inazungulira ngati chivindikiro cha botolo. Yachiwiri chimodzimodzi. Onse asanu ndi atatu. Ntchito yoti mwana wasukulu akanaigwira asanamalize kudya nthochi.

Lole inayenda mwakachetechete mpaka ku Mpamba. Anthu amatero, Killion sanamve.

Zoona zake zinatuluka pakhomo, Selina atamugwira Zebron pakolala. Ulendo woyamba unatha Loweruka madzulo. Tsiku lomanga manati linagwa pa Sabata, ndipo mkulu wa mpingo sagwira sipanala pa Sabata. Lolemba anadzukira mpunga, n'kuiwala. Atafunsidwa pamaso pa anthu, manyazi anamugwira, anangovomera.

Zilonda zitapola, Killion anayesa kuluma ndi nkhama. Anayesa kukanikiza ndodo pachipumi, kuseri kwa khutu, pachibwano. Ankangomva kunjenjemera kopanda mawu. Njinga zinasiya kubwera. Ankakhala pakhonde akunyowetsa chinangwa m'madzi kuti chifewe, lole ikudutsa pamsewu, iye n'kuikwezera dzanja.

Sabata lina anatenga ndodo yake kutchalitchi. Nyimbo itayamba anaigunditsa pabenchi, nadikira ndime yonse. Kenako anaigoneka pansi, napinda manja, maso ali pamilomo ya anthu. Selina anaona ali kumbali ya amayi.

Mapemphero atatha sanadikire kuti akulu a mpingo amalize kupatsana moni. Anamasula mfundo ya mpango wake patebulo lawo. Mano awiri ndi chibenthu anagubuduka n'kuima pafupi ndi mbale ya chopereka.

"Ada Longwe anasunga Sabata, yewu, tawaona. Bodza analinena Lachinayi. Awa ndi makutu a mwamuna wanga. A ku Joni anatenga oyamba, sitikudziwa kokawafunsa. Awa atayika pano, ndipo wowatayitsa wakhala apoyo. Ine sindichoka m'nyumba muno. Muitaneni aimirire, ayankhe: Killion adzandimva ndi chiyani?"