Zimene Sitinanyamule pa Maliro a Mlongo Wanga

Ntchito yanga ndi yokolopa. Ndanena poyambirira kuti wina asandiyese dokotala, chifukwa kwathu ku Mzimba anthu akamva kuti ndimagwira pa nyumba ya kafukufuku wa matenda amayamba kunditumizira zithunzi za zotupa zawo pa foni. Ine ndimakolopa, ndimapukuta zitseko, ndimatulutsa zinyalala za m'matumba akuda. Za m'matumba ofiira sindikhudza, zili ndi eni ake.

Ntchitoyi ndinaipeza chifukwa cha mlongo wanga amene ndinapondana naye. Anandipeza kuno ku Cape Town nditakhala kale zaka zitatu, nayamba kunyamula matabwa pa fakitale ina ku Brackenfell. Tinkakhala limodzi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya anthu ku Langa. Chifuwa chitamuyamba ankati ndi fumbi la matabwa, mpaka tsiku lomwe analavula magazi m'beseni langa lochapira. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, chamtundu wosamva mankhwala wamba. Nesi wina, mayi wachixhosa wa mawu aakulu, anamufunsa ngati angalowe m'kafukufuku woyesa mankhwala atsopano.

Ndinakana ndine, ngakhale wodwala sanali ine. Ife tinakula ndi nkhani za anamapopa, ndiye munthu akandiuza kuti akufuna magazi a m'bale wanga mwezi ndi mwezi, sindingamuombere m'manja. Iye anaseka mpaka kutsamwa, nati magazi ake ngochepa kale, wobwera kudzapopa angotaya nthawi. Analowa. Ndinene zoona, a kafukufukuwo anamusamala. Ankamuimbira foni akachedwa, ankamuyeza makutu ndi mtima, zinthu zomwe mlendo wopanda mapepala saziyembekezera. Nesi uja ndi amene anandinong'oneza kuti pa nyumba yatsopano yomwe ankapititsako zoyeza akufuna okolopa.

Mmene ndinkayamba, mafiriji anali m'chipinda chimodzi. Lero adzaza khonde lonse la pansi, ndipo kuseri akumanganso. Chaka ndi chaka kumabwera achinyamata atsopano ovala makoti oyera, akuda ngati ine, ena a ku Zambia, ena a ku Uganda, winanso mtsikana wa ku Zomba amene amandipatsa moni mwaulemu ngati ndine azakhali ake. Kale zoyeza zonse ankazitumiza kunja, akuti, koma tsopano zambiri zimathera pompano. Ndinkanyadira, ngati kuti nyumbayo ndaimanga ndi mopu wanga.

Mlongo wanga anamwalira nyengo yozizira, mvula ya kuno ija yogwa chopingasa. Mankhwala anachita mbali yawo koma mapapo anali atatha kale. Sindiimba mlandu munthu aliyense.

Thupi tinalitengera kumudzi pa msewu, m'ngolo yokokedwa ndi minibasi. Kwathu munthu akafera kutali sitimangomunyamula ngati katundu. Pamafunika wachibale womuuza njira, kuti mzimu wake usatsale m'mbuyo. Ndiye pa malire aliwonse ndi pa mtsinje uliwonse waukulu ndinkatsika, n'kugogoda pa ngolo, n'kumuuza pomwe tafika. Ndinatenganso zake zonse: zovala, nsapato za ku ntchito, lumo lometera, ngakhale kapu yomwe ankamwera mankhwala. Titaika maliro, amama anandiitanira kuseri kwa nyumba, nandigwira dzanja.

“Wabwera naye yense?”

Ndinati inde, ndipo ndinayankha ndi mtima woyera.

Nditabwerera ku ntchito, tsiku lina ndikukolopa m'khonde la mafiriji, mtsikana wa ku Zomba uja anatsegula imodzi. Munatuluka nthunzi yoyera yotsikira pansi. Ndinasuzumira n'kuona timabokosi tondondozana, mkati mwake timabotolo tating'ono ngati chala cha mwana. Ndinafunsa mocheza kuti amasungamo chiyani. Anandifotokozera mosangalala, monga amachitira anthu okonda ntchito yawo, kuti ndi magazi ndi makhololo a anthu onse amene analowa m'kafukufuku wa chifuwa uja, ndipo zidzasungidwa zaka zambiri kuti ophunzira a mtsogolo adzazifufuzenso. Mayina mulibe, anatero, muli manambala okhaokha. Sankadziwa kuti akulankhula ndi ndani.

Zoti ankamutenga magazi ndinkazidziwa. Koma ndinkaganiza kuti amayeza n'kutaya, monga amachitira ndi malungo. Sindinaganizepo kuti ndakhala ndikumukolopera pakhomo.

Patapita milungu ingapo amama anaimba foni. Sanafunse za ine. Anati mlongo wanga akuwabwerera kutulo, saoneka wodwala, salankhula zambiri, amangoima pakhomo manja ali m'khwapa n'kunena kuti akumva kuzizira. Anati abusa anabwera kudzapemphera koma sizinasinthe. Ine ndimapemphera, ndipo za maloto sindizitengera pamtima kawirikawiri. Koma amama sanaonepo firiji yoposa ya m'golosale, ndipo ine ndinali ndisanauze munthu aliyense. Ndinachita mantha, mantha enieni olowa m'mafupa.

Ndinakamufuna nesi uja. Ndinalowa ndi ukali, ndinamuuza kuti andipatse za m'bale wanga ndikazikwirire komwe kuli mwini wake. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anati kundipatsa m'manja sangathe, chifukwa muli tizilombo toti tingaphe ena. Chimene chingatheke, banja likalemba kalata ndipo akuluakulu akavomera, ndi kuzichotsa n'kuziwotcha. Ndinafunsa kuti amawotchera kuti. Anati zimapita ndi matumba ofiira.

Anandiuzanso kuti mlongo wanga anasaina yekha kuti zisungidwe, atamuwerengera fomu kawiri. Sindinakhulupirire mpaka atandiuza zomwe ananena posainapo.

“Anati, sisi, asiyeni akhale. Magazi angawo ndiye apeza mapepala okhalira m'dziko muno, mwini wake ndinalephera.”

Ameneyo anali iye ndithu, palibe nesi akanapeka zimenezo. Ndinaseka, kenako ndinalira pa tebulo la mayi uja mpaka anandipangira tiyi. Fomu yopempha kuti awotche ndinaitenga. Inakhala m'chikwama changa miyezi, yopindidwa panayi. Ndikati ndisaine, ndinkaona mlongo wanga akupita ndi zinyalala. Ndikati ndiing'ambe, ndinkamva mawu a amama. Ndinayamba kudana ndi khonde lija, phokoso la mafiriji losalekeza lija, moti ndinkalikolopa mothamanga ngati ndaba.

Ndiye kunabwera tsiku lina lachilimwe, dzuwa lili paliwombo. Magetsi anazima monga amazimira kuno, koma jenereta ya mbali yathu sinadzuke. Mabelu ochenjeza a mafiriji anayamba kulira onse pamodzi. Ndinaona madokotala akuluakulu, anthu oyenda mwaulemu, akuthamanga ngati nyumba yapsa. Mtsikana wa ku Zomba anandipeza pa masitepe, nkhope itasintha, nati zikangofunda ndiye kuti ntchito ya zaka zonsezi yathera pomwepo. Anandipempha kuti ndithandize kunyamula mabokosi a ayezi wouma kuchokera kumbali ina ya nyumbayo.

Apa mpamene ndimadzidabwa mpaka lero. Chinthu chomwe ndinkachipempha mumtima chinali chitabwera chokha, popanda kusaina, popanda mlandu. Ndikanangoti msana ukundipweteka. Koma ndinavala magolovesi n'kuthamanga. Ndinakwera ndi kutsika masitepe amenewo kuposa achinyamata onse, mayi wa zaka zanga, thukuta lili kamukamu, ndikukalipira aliyense wondiima panjira. Sindinkadziwa kuti ali m'firiji iti, ndiye ndinkathamangira zonse. Jenereta itadzuka, anayang'ana manambala a pa zitseko n'kunena kuti palibe chomwe chawonongeka. Anthu anakumbatirana. Bwana wamkulu anandigwira chanza, nanditchula dzina koyamba.

Ndinakakhala m'kachipinda kathu kosungira ndowa. Ndinali nditasankha, ndipo sindinasankhe amama. Kaya ndinamvera mlongo wanga, kaya ndinangoopa kutaya kachidutswa kake komaliza komwe kali pafupi nane, sindidziwa. Fomu ija ndinaiponya m'thumba lakuda.

Sabata yomweyo amama anaimbanso. Anati anayala bulangeti lawo pamanda koma mwana wawo akubwerabe, mwina chifukwa bulangetilo ndi lakale, lopyapyala. Anandipempha kuti ndiwatumizire la ku Joni, lolemera lija. Pakamwa panga panali potsegula kale kuti ndiulule zonse. Koma ndikanawauza chiyani mayi wokalamba, kuti mwana wawo ali m'timabotolo topanda dzina, ndipo amene anathamanga kuti asafunde ndine? Ndinangofunsa mtundu womwe akufuna.

Loweruka ndinakwera sitima kupita m'tauni, ndinagula bulangeti lolemera kuposa onse m'sitolomo, n'kulipereka kwa anyamata onyamula katundu wa kumudzi. Linafika patatha milungu iwiri. Amama anaimba Lolemba m'mawa, ine ndili m'khonde la pansi, nsanza ili m'manja, ndikupukuta chitseko cha firiji. Mawu awo anali opepuka, sindinawamve choncho chimwalirireni mwana wawo. Anati alilandira, ndi lofunda zedi, akaliyala madzulo omwewo.

“Iwe ndiwe mlongo wake weniweni, mwana wanga,” anatero. “Ndinadziwa kuti sungamusiye pozizira.”