Mayi Chirwa Anandifunsa Zomwe Ndinauza a Kafukufuku

Usiku wathawu ndinalota mtsikana wa kafukufuku uja atabweranso. Kwa amene simukudziwa, ndikudwala khansa ya m'bere, ndipo sabata yatha kuchipatala kunabwera mtsikana wojambula mawu, kudzafunsa odwalafe momwe amatisamalira. Ine ndinayankha kuti zonse zili bwino, poti anesi anali chapafupi ndipo mankhwala anga ali m'manja mwawo.

Ndiye kutuloko ndinali pabedi langa lomwe lija la kuchipatala, koma wodi yonse inali m'kalasi momwe ndinkaphunzitsa ndisanadwale. Odwala anzanga anakhala pamadesiki, aliyense atakoleka diripi yake pamsomali. Mtsikanayo anafunsa kuti ndinamva bwanji tsiku lomwe anandiuza za matendawa. Ndinkafunitsitsa kunena zoona, kuti adokotala anafotokozera amuna anga ine ndili pomwepo, osandiyang'ana n'komwe. Koma ndikati ndiyankhule, m'kamwa munkangotuluka thonje lokhalokha.

Kenako analowa Mayi Chirwa, amene tinkayandikana mabedi, omwe anamwalira mwezi watha. Anali atanenepa, tsitsi litameranso mpaka kuluka. Anamulanda mtsikana uja cholembera n'kukhala kumiyendo kwanga.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "tsiku lija ndinkapempha mankhwala opha ululu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, inu munalipo. Nanga anthuwa mwawauza chiyani?"

Sanakalipe. Ndinangozyolika, manyazi atandigwira.

Ndiye basi tinapezeka tili pakhonde lalitali la chipatala, iwo patsogolo atanyamula kabuku kanga ka kuchipatala, ine pambuyo osavala nsapato. Amuna anga anali pabenchi, chikhatho chili patsaya. Ndinawaitana kawiri koma sanatembenuke. Kumapeto kwa khondelo kunali chitseko chobiriwira, ndipo munthu wina mkatimo ankaitana mayina. Anaitana la Mayi Chirwa, iwo n'kulowa ndi kabuku kanga komwe. Kenako anaitana langa, dzina la pautsikana lomwe kuchipatalako salidziwa n'komwe. Nditangogwira chitsekocho ndinadzidzimuka, malaya atanyoweratu ndi thukuta.

Lachinayi ndikupita kukamva zotsatira za sikani yomwe anandijambula m'thupi, ndipo amuna anga sindinawauze malotowa. Inu odziwa kumasulira, tandithandizani. Mayi Chirwa akungofuna ndikabweze mawu anga kwa a kafukufuku aja, kapena anabwera kudzanditenga?