Pampu yonyezimira, tayala lili phwa

Lachisanu lapitali ndinatsala pang'ono kumuphonyetsa sukulu mwana wanga Rosa, chifukwa cha makani anga omwe.

Linali tsiku lomaliza la matrikula, lolembetsa ana, ndipo sekretariya, ofesi ya pasukulupo, imatseka dzuwa lili paliwombo. Ndinanyamuka ku Mualadze mapepala a Rosa ali m'thumba. Ndili pakati pa tchire, tayala lakumbuyo phwa!

Sindinade nkhawa ayi. Pampu ndili nayo, yaing'ono, yonyezimira, yolowa m'thumba la buluku. Ndinaigula ku Zóbuè mwezi watha. Mwini loja, sitolo yomwe ndinaigulamo, a Mamudu, anandiletsa: "Bambo, bweretsani kaye njinga tiyese." Ine ndi mwano wangawu ndinati, "Pampu ndi pampu basi."

Pampu si pampu, abale. Yanga ndi yakukamwa kwakukulu, ya mavaluvu onenepa ngati a njinga yamoto. Njinga yanga ndi yachikale, valuvu yake yowonda. Ndinapopa mpaka thukuta, mpweya wonse ukuthawira m'mbali. Magalimoto a malasha ankangondimwaza fumbi n'kupita.

Ndiye kunatulukira bambo ena achikulire, matumba a makala atasanjikiza panjinga. Anaima okha, osaitanidwa. Dzina lawo a Zakariya.

"Pepani, a pulofesolo," anatero, ataona mapepalawo akusuzumira m'thumba. Ine uphunzitsi sindinaugwirepo, koma sindinatsutse.

Anamasula pampu yawo yaitali, yadzimbiri, yomangidwa ndi mphira kuchitsulo, ili ndi kapaipi kofewa kunsonga. Asanapope, anathira malovu pa valuvu. Thovu linatuluka.

"Chubu chili bwino. Katha ndi kamphira ka m'valuvu."

Anatulutsa kena m'kachikwama ka fodya, n'kuveka, n'kupopa. Tayala linalimba gwa. Pamene ndimati ndithokoze bwino, iwo anali atakwera kale: "Thamangani, mwana asatsale."

Ndinafika akukoka chitseko. Rosa walembedwa.

Kale tisanasamutsidwe kumudzi kwathu kuti akumbeko malasha, ndani ankagula pampu? Imodzi inkakwanira mudzi wonse, umangoima pakhomo n'kuodira. Lero nyumba zatalikirana ndi ntchito, ndipo amene ankatibwereka aja anabalalika. Aliyense akugula yake, ambirife tikugula ndi maso.

Choncho imvani kwa ine wopsa kale. Pitani ndi njinga ku loja, mupope pomwepo mwini loja akuona. Sankhani ya kapaipi, siithyola valuvu. Ikapezeka yolowa mavaluvu onse awiri, tengani imeneyo, chifukwa wofuna thandizo panjira simudziwa akwera njinga yotani. Timphira ta m'valuvu musatiiwale.

Loweruka ndinabwerera kwa a Mamudu, njinga ili m'manja. Anandiyang'ana, anayang'ana tayala, n'kuseka mpaka kugwira pamimba. Sanandinyoze, zikomo kwa iwo.

A Zakariya, ngati wina akuwerengerani izi, ndathokoza kuchokera pansi pamtima. Pampu yatsopano ndaimanga kuchitsulo, poonekera, ngati yanu ija.

Nanga inu, mukaona munthu akukankha njinga padzuwa, mumaima?