Paipi ya Mkamwini ndi Mbewu ya Amayi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene anauzira mpweya m'mphuno mwa munthu, ndipo sanaiwale amayi anga pamene mpweya wawo unayamba kuchepa. Ndimuyamikenso chifukwa cha mwamuna amene anandipatsa, wa manja okhakhala ndi mtima wofatsa.

Kwathu ku Nathenje amayi ankaphika pa mafuwa, m'kakhitchini kopanda zenera. Denga linali bii ndi mwaye, ndipo pamtanda wa pamwamba pa moto ankapachikapo chimanga cha makolo chosungira mbewu, chomangidwa ndi makoko ake omwe. Chaka china chifuwa chinawagwira osawasiya. Kuchipatala ku Mitundu adokotala anandiuza mosabisa kuti mankhwala angothandiza pang'ono, koma amayi akapitiriza kupuma utsi mapapo awo sapirira.

Mwamuna wanga anakulira pa esiteti ya fodya cha ku Mitundu komweko, kumene ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya ndi kulumikiza mapaipi ake. Atamva za adokotala anangoti, "Utsi uli ngati mbuzi, umafuna kuulozera khomo." Anagula chitofu cha nkhuni kwa owotcherera zitsulo pamsika, pamodzi ndi paipi yopindika ngati chigongono, n'kumanga chumuni cha njerwa kunja kwa khoma la khitchini.

Paja mkamwini ndi apongozi ake salankhulana maso ndi maso, choncho mthenga ndinali ine. Tsiku lolowetsa paipi amayi anakhala kuseri kwa nkhokwe akusenda mtedza.

"Uwafunse amuna akowo," anafuula kuti iye amve bwino, "akumanga balani kodi? Ine ndasanduka fodya?"

"Muwauze amayi kuti fodya satsokomola," iye anayankha, maso ali pa njerwa.

Anaboola khoma chakumwamba kuti paipi ipite mokwera, pakuti utsi sudziwa kutsika. Anailowetsa mpaka kukamwa kwake kunangofika m'kati mwa chumuni, osapitirira, kuopa kutseka njira. Ine ndinkamupatsira dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga ndi phulusa, iye n'kumamata mozungulira paipi ndi chala chachikulu. Udzu wa denga umene unayandikira anauzula n'kuikapo lata. Titayatsa moto, utsi unatulukira pamwamba pa chumuni uli chilili ngati wa nsembe yolandiridwa, ndipo ndinayambitsa nyimbo ndili ndekha.

Sipanapite nthawi, chifuwa chinabwerera. Ndinapeza khitchini yadzaza utsi, dothi lagamuka pamene paipi imalowera m'khoma. Mwamuna wanga anadikira kuti amayi apite kumapemphero a amayi anzawo, n'kumatanso. Linagamukanso. Anachita manyazi, n'kukakumba dothi pachulu china chakutali. Nalonso litagwa, anatola chidutswa, n'kuchitembenuza m'manja.

"Mayi, chiswe cha kwanu kuno chimayenda ndi mpeni," anandiuza chapansipansi.

Nditawafunsa, amayi sanakane. Analoza chimanga chili pamtanda.

"Chitofu chanucho chandichotsera mlonda. Utsi ndiwo unkathamangitsa anankafumbwe, taona ayamba kale kuboola. Mbewu iyi anandisiyira ndi amayi anga. Ithere m'manja mwanga?"

"Amayi, tikagula mankhwala othira kusitolo."

"Mbewu yanga siidziwa ufa wa m'botolo."

"Nanga utsi ukakuphani adzabzala ndani?"

"Iwe. N'chifukwa chake ndikufuna udzakhale nacho chobzala."

Ndinatuluka ndikulira. Ndinakapemphera mokwiya ndithu, kufunsa Ambuye chifukwa chimene amaikira mpweya wa munthu ndi mbewu yake pa sikelo imodzi. Kenaka ndinafotokozera mwamuna wanga mawu a amayi.

M'mawa mwake anandipempha kuti ndiyatse chitofu, iye n'kukwera pa makwerero. Ankakhudza njerwa za chumuni ndi kuseri kwa dzanja, monga ankachitira m'balani, kufunafuna pamene utsi umafika utazizira, pakuti moto wambiri umapha mbewu. Atapapeza, anachotsa njerwa zingapo n'kumanga kachipinda kakang'ono m'mbali mwa chumuni, kokhala ndi zitsulo zopachikapo ndi kachitseko ka lata. Ine ndinatsitsa chimanga pamtanda, iye n'kuchipachika m'menemo. Atatero anamatanso paipi ija mosamala.

"Muwauze amayi kuti mlonda wawo sanachotsedwe ntchito, wangosamukira panja."

"Uwafunse, mbewu ikapsa m'menemo?" anatero amayi ali kuseri kwa nkhokwe kwawo kuja.

"Ikapanda kumera, paipi ndidzaizula ndi manja anga."

Ine ndimamudziwa, mawu ake sabweza. Kuyambira tsikulo mpweya wa amayi unali m'manja mwa timbewu tija. Mvula itagwa tinatsitsa chimanga chili chofiirira, chonunkha utsi, ndipo amayi anachibzala okha, osalola wina kukhudza. Ine ndinkadutsa m'mphepete mwa munda ndikukumbutsa Mlengi kuti wobzala ndi wothirira sali kanthu, womeretsa ndi Iye.

M'mawa wina tinamva mapazi pakhomo pathu. Anali amayi, mame ali m'miyendo. Anaima chofulatira, monga mwa mwambo, koma sanaitane ine.

"Bambo," anatero, "yamera. Phando lililonse."

Mwamuna wanga anagwada pakhomopo n'kuwomba m'manja.

Dothi la pa paipi lilipo mpaka lero, lopanda chipsera cha mpeni. Amayi amatsokomolabe nyengo yozizira, koma kutchalitchi amatsiriza ndime ya nyimbo osapumira pakati, ndipo akamasonkhezera chitofu amati "balani la mwana wanga".

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye asunge mpweya m'zifuwa zanu ndi mbewu m'nyumba zanu. Akupatseni apongozi ndi akamwini opirirana, ndipo utsi wa pakhomo panu upeze njira yokwera kumwamba. Amen.