Mafuta a Makoko a Nachesi

Julaye wa ku Vosloorus, kudziko la eni, alibe mvula. Mphepo yake ndi youma, imang'amba milomo ndi zidendene, ndipo udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Mwezi umenewu ndiye wodulira maluwa a rozi m'makomo mwa mabwana. A Greyson amasamalira maluwa panyumba ina ku Boksburg, koma chaka chino manja awo anang'ambika mpaka sizasi kumawapulumuka. Bwana anali atanena kale kuti maluwa akapanda kudulidwa sabata ino, aitana wina.

Akazi awo, a Maness, ndi a ku Mwanza, kwawo kwa manachesi. Amagulitsa zipatso pokwerera matekisi, koma makoko sataya. Wogula akamasenda pomwepo, iwo amatchera mbale. Akafika kunyumba amapala ndi supuni khungu lapamwamba lokha, loyera lam'kati ayi. Amafinya pakansalu n'kusunga madziwo m'kabotolo kakuda. Pakapita masiku awiri mafuta amayandama, ochepa ngati misozi, ndipo amawatapa ndi nthenga ya nkhuku. Dontho limodzi m'madzi okolopera, nyumba yamalata imanunkhira msika wa ku Mwanza.

Chaka chatha analakwitsa. Anawadzoza amuna awo m'mawa, mafuta okhaokha osasakaniza ndi kanthu, ndipo dzuwa la tsiku lonse linawawotcha manja n'kusiya zipsera zakuda. Kuyambira pamenepo a Greyson kabotoloko amakayang'ana ngati njoka.

Lachitatu madzulo a Maness anakhala pampando, chitini cha mafuta odzola chili pamiyendo.

"Bambo a Dina, bweretsani manjawo."

"Kuti mundiwotchenso? Ine si mbatata, mayi."

"Linakuwotchani ndi dzuwa. Lili kuti dzuwalo panopa? M'mawa mudzasamba musanatuluke."

"Eish. Nanga mafuta a kushopu aja?"

"Aja munawasiya pawindo mukuti akununkha chipatala? Ndi omwewa. Ndangodonthezamo madontho atatu basi."

A Greyson anabisa manja m'khwapa.

"Pamene munkandifunsira pansi pa mtengo wa nachesi wa amalume," anatero a Maness, "simunadandaule za fungo."

"Ine ndinkabwerera manachesiwo."

"Ndiye zaka makumi atatu zonsezi mukudikirabe nachesi?"

A Greyson anaseka mpaka kutsokomola. Anatenga chitinicho, n'kuchinunkhiza nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire. Kenako anatambasula dzanja lamanja, lija logwira sizasi.

"Pang'ono pokha. Mawa ndili ndi mitengo makumi anayi ya rozi."

A Maness anatenthetsa mafutawo m'zikhatho zawo. Anadzoza chala chimodzichimodzi, akuzungulira ming'alu yakuya mosamala, kenako dzanja lamanzere. Anatenga masokosi akale oyera a mwana wawo Dina, n'kuwaveka m'manja onse awiri mpaka m'mikono kuti mafutawo asapukutike usiku, ndipo anatseka chitini.