M'dzina Langa

Ndinaphunzitsa Chichewa kwa zaka zambiri, ndipo pamene ndinapuma ntchito khutu langa silinapume nawo. Lamulungu lina ndinapita ku Lungwena kukatenga mwana wanga wamkazi, amene anasiya ana ake ndi malonda ake a usipa n'kukakhala ku mpingo wa mneneri wina. Mneneriyo ndinkamudziwa. Anali mwana wa m'kalasi mwanga, ndipo atakula ankapalasa bwato la amalume ake.

Anthu anasonkhana m'chisakasa cha udzu, pafupi ndi poyanika nsomba. Ulaliki sunali woipa kwenikweni, ngakhale kuti ziganizo zina za mneneriyo zinkatha zopanda mneni. Kenaka anatseka pemphero motere: "Zonsezi tapempha m'dzina langa." Onse anavomera kuti ameni.

Ndinayesa kuti lilime laterereka. Munthu akhoza kufuna kunena kuti "lake" kapena "lanu", n'kuphonya. Mapemphero atatha ndinamutengera pambali, monga ndinkachitira kusukulu, kuti ndisamuchititse manyazi.

"Mwana wanga, mwasokoneza mawu aumwini," ndinatero. "Langa ndi la woyankhula. Mumafuna kunena kuti lake."

Anaseka pang'ono. "Aphunzitsi, galamala munatiphunzitsa bwino. Chimene mwamvacho ndi chimene ndanena."

"Ndiye kuti anthuwa akupemphera kwa yani?"

"Kwa amene amawayankha. Akhala akufuulira kumwambako mpaka mawu kusasa. Kuno akabwera mutu ukuwawa, pobwerera wapola."

Ndinali nditawerengapo za mafumu akale a maiko akutali amene ankadzitcha milungu, koma ndinkaziyesa nkhani zothera m'mabuku. Sindinaganizepo kuti ndidzazimva pakamwa pa munthu amene ndinamugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba a, e, i.

Mwana wanga wamkazi uja ndinamupeza kuseri kwa chisakasacho, akuthira m'mabotolo madzi amene mneneriyo anasambira m'manja. Ndinamuuza kuti atenge katundu wake tizipita, chifukwa ana ake akumufunsa tsiku ndi tsiku, ndipo wamng'onoyo wayamba kukana chakudya. Sanagwade monga ankachitira poyankhula nane. Anatseka botolo, n'kundiyang'ana m'maso popanda mkwiyo uliwonse.

"Atate ndi amodzi okha, ndipo mwawaona," anatero. "Tonsefe ndife ana awo, ana angawonso adzawasamala okha. Muyende bwino, achimwene."