Dalaivala amene amatsika kaye

Aneba athu ku Nkhamenya amayendetsa thiraki yonyamula mabelo a fodya. Sabweza thirela m'mbuyo asanatsike kukasuzumira kuseri kwake. "Galasi silindiuza zonse," amatero, akupukuta manja pa ovololo.

Ine chisiyireni sukulu akundiphunzitsa ntchitoyi, koma kutsikako ndinkakuona ngati mantha. Tsiku lina kwa Simlemba alimi atatizinga, ndinapempha chiwongolero kuti anthu andione. Pobweza thirela m'mbuyo, sindinatsike. Thirela inagunda nsanamira ya chigafa, denga n'kugwera fodya wa mayi wina.

"Kalanga ine, thukuta langa la chaka chonse! Ndani ameneyu?" analira mayiwo.

Aneba anavula chipewa. "Ndine, mayi. Makiyi ndinampatsa ndine."

Tinamanganso chigafacho masiku awiri. Mpaka lero ndikudikira kuti anebawo andikalipire, koma iwo amangondipatsa moni.